Zimene Unasiya Zotsegula

Tchaja tinachita kuipeza m'thumba la mbewu
patapita miyezi inayi.
Laputopu yako inali pansi pa bedi,
yokulungidwa m'chitenje cha kwaya,
mphemvu zitaikira mazira pachivindikiro.

Ndinakwera nayo kabaza kuchoka ku Lifuwu
nditaikumbatira ngati mwana wa malungo.
Jafali, wokonza mafoni kuseri kwa depoti ya Salima,
anaipukuta ndi malaya ake n'kuilumikiza.
Magetsi sadziwa kuti munthu waferedwa.
Anazima, anayaka, anazimanso.
Tinadya chinangwa chootcha, tikudikira.

Kenaka sikirini inatsegula diso
n'kufunsa funso m'Chingerezi.
Jafali anamasulira akutafuna:
"Akuti pulogalamu yolembera sinatsekedwe bwino.
Akuti tibwezeretse zimene zinali zotsegula?"

Sinatsekedwe bwino.
Zimenezo nafenso tinaziona, Ndaziona.

Ndinati dinani.

Anabwera mafayilo asanu,
kundanda pamwamba phewa ndi phewa
ngati amayi pamzere wa kuchigayo,
aliyense pamalo pamene unamusiya.

Loyamba, maina a alimi a kopaletivi:
a Chikaonda, matumba khumi, sanalipire.
A Mdala Saizi, analipira theka, akuti mbalame.
Lachiwiri, mfundo za msonkhano wa Lachinayi,
mkangano wa madzi a m'ngalande,
pomwe unalemba kuti "anakambirana mwamtendere"
chonsecho mpando unathyoka.
Lachitatu, kalata yopempha ahedi adikire fizi ya Nkhawazatha.
Lachinayi, maina a mankhwala ndi maola ake,
amene sunatiuze kuti ukumwa.

Lachisanu linalibe dzina.
Pambali pake kadontho kakuda basi.
Jafali analoza ndi sikuludiraiva:
"Ili sanalisunge.
Likanapita ndi batire,
koma makinawa amatola okha zogwa m'manja."

Mizere iwiri yokha:

Achimwene, za munda wa kudambo zija ine sindinasunge kukhosi.
Kungoti tsiku lija mu

Pathera pomwepo.
Kutsogolo kwa mu kamzere koimirira
kakuphethira, kakuphethira,
ngati munthu wameza malovu kuti apitirize.

Mu chiyani, mlongo wanga?
Munandinyoza pamaso pa ana?
Munalondola?
Munali mutamwa?
Mumtima?
Zaka ziwiri tinkapatukirana pamlatho wa ngalande,
iwe kuyang'ana mpunga, ine kuyang'ana nsapato,
ndipo lero wandipatsa zilembo ziwiri
kuti ndilime nazo.

Mwina wina anagogoda kudzagula mbewu.
Mwina chifuwa chija.
Mwina unangoti ndimaliza mawa,
n'kutsitsa chivindikiro pang'onopang'ono
kuti mwana asadzuke.

Kumbuyo kwanga kunali mzere,
mnyamata wa foni yogwera m'madzi akuguguda phazi.
Jafali anati, "Bambo, tilipatse dzina tilisunge."
Ndinayang'ana kiyibodi.
Chilembo cha A chinafufutika ndi chala chako.
Dzina silinabwere.
Ndinati lisiyeni momwemo.
Anagwedeza mutu, analandira ndalama yake,
anandichenjeza kuti tsiku lina makina adzaiwala.

Tsopano ndimaitchajitsa kugolosale ya a Nasiwelo,
mtengo wake wofanana ndi mafoni atatu.
Usiku Nkhawazatha akagona ndimaitsegula.
Sindikhudza chilembo.
Nthawi zina chala chimafika pa N,
chimanjenjemera, chimabwerera.
Si ine woyenera kukumalizira mawu.
Ndinakumalizirapo kale okwanira uli moyo.

A Chikaonda analipira sabata yatha.
Ndalemba papepala, m'fayilo lako akadali ndi ngongole.

Ndikatopa sinditseka monga anandiphunzitsira Jafali.
Ndimakanikiza batani mpaka mdima,
dala,
kuti mawa idzandifunsenso
ngati ndikufuna zonse zibwerere
mmene zinalili.